Ntchafu Yopatsa Moni

Ndikangotsegula botolo la mafuta odzola, ndimawaona agogo Che Saidi ali pakhonde pawo ku Chimwankhunda m'mawa, utsi wa mbaula ukuyenda pamwamba pa malata, makondakitala akuitanira za ku Limbe kumsewu, iwo akupaka mafuta kuseri kwa dzanja lawo lamanja pang'onopang'ono ngati akusisita khanda. Sanali agogo anga enieni. Iwo anali Asilamu, ife Akhristu, koma pakati pa nyumba zathu panali mpanda wa bango umene ngakhale nkhuku sizinkaulemekeza, ndipo ana tonse a mumzere wathu tinkangoti agogo.

Dzanja limenelo linali lotchuka kuposa mwini wake. Kale ankayendetsa lole ya sitolo ina ya ku Limbe, ndipo tsiku lina injini itatentha pamsewu wa ku Thyolo, anatsegula chivindikiro cha madzi asanazizire. Madziwo anawadya khungu kuyambira pamfundo za zala mpaka pamkono. Kuchipatala anawadula khungu la pantchafu n'kuliika pabalapo, ndiye panatsala chigamba chonyezimira, chakuda kuposa thupi lonse, chopanda cheya. Mlendo aliyense akawagwira chanza, ankadikira kaye kuti akhale pansi, kenako n'kumuuza mwaulemu wonse kuti wapatsana moni ndi ntchafu yawo. Akazi awo, Abiti Yusufu, ankadandaulira kukhitchini kuti munthu wamkulu sachita manyazi, koma nawonso phewa linkagwedezeka ndi phwete.

Ife ana tinkachita nalo masewera. Agogo ankatsinzina, ife n'kumawakhudza ndi nthenga ya nkhuku. Pamkono ankalumpha ngati alumidwa ndi linthumbu, koma pachigambapo ankangokhala duu. Ankati khungu si chinsalu chimodzi ayi: pamwamba pali kopyapyala kamene kamafunduka tikamasamba, pansi pake pali lochindikala lokhala ndi magazi, thukuta, mizu ya cheya ndi timitsempha tomvera, kenako mafuta, kenako mnofu, fupa n'kukhala pansi penipeni. Chigamba chawo chinasamuka chopanda zotulutsa mafuta ndi thukuta, n'chifukwa chake ankachidzoza tsiku lililonse kuti chisang'aluke. "Mlendo amafuna kusamalidwa," ankatero.

Ndili sitandade 3, ndinapunthwa pa chiwaya cha mandasi cha amayi, mafuta n'kundikhuthukira kuseri kwa dzanja lamanja. Za ululuwo sindinena. Titakhala m'chipatala masabata angapo, adokotala anauza amayi kuti balalo ndi lakuya, silidzitsekera lokha bwinobwino, ndipo akalisiya lidzakoka zala zanga n'kuziumitsa. Ankafuna kutenga khungu la pantchafu panga.

Azakhali anga, achemwali awo a bambo, anakana kwamtuwagalu. Anati mwana wapsa kale, ndiye amusendenso kwina ngati mbatata? Mabala awiri m'malo mwa limodzi? Amayi, amene ankadziimba mlandu chifukwa cha chiwaya chija, anamvera. Ndinawaona akumanga mapoto ndi zofunda m'chitenje kuti tibwerere kunyumba, ndipo ine ndinasangalala, poti mpeni ndinkauopa kuposa chilichonse.

Linali Lachisanu. Masana, nthawi yoona odwala, agogo Che Saidi analowa m'wodimo atavala mkanjo woyera ndi kofia, akuchokera kumzikiti, m'manja muli nthochi. Anaona mtolo uja, anaonanso nkhope ya amayi. Anakhala pamphepete pa bedi n'kuyamba kuwafotokozera kuti madokotala sadula mpaka pamnofu, amangopala pamwamba, mizu n'kutsala, ndipo malowo amamereranso okha ngati kapinga wotchetcha. Khungu losamutsidwalo amaliwokera ngati mbande ya tomato, magazi n'kulipeza, n'kugwira. Azakhali anayankha kuti pakamwa aliyense amatha kulankhula.

Pamenepo agogo anaimirira. Munthu ameneyu chibadwire changa sindinamuonepo ngakhale bondo. Ngakhale potsuka galimoto ankavala buluku lofika m'mapazi. Anayang'ana amayi onse odikirira odwala amene anadzaza m'wodimo nati, "Amayi nonse mundikhululukire, ndi Mulungu yemwe andikhululukire." Kenako anakweza mkanjo, n'kupinda buluku mpaka pantchafu.

Maso onse m'wodimo anatembenukira kwa iwo. Pantchafupo panali kachigawo kotuwirako pang'ono, kosalala, kopola bwinobwino. Agogo anapamenya mbama kuti pha! n'kuyenda uku ndi uku pakati pa mabedi, mwendo umodzi uli pamtunda, kofia ili m'mutu, nkhope ili yoopsa ngati msilikali pa perete. Gogo wina pabedi lakumapeto ndi amene anayamba kuseka, kenako wodi yonse, mpaka anamwino anasuzumira. Amayi anaseka mpaka misozi, ndipo misoziyo sinaleke msanga. Atapukuta m'maso, anamasula chitenje chija n'kubwezera mapoto pansi pa bedi.

Adokotala anandisamutsadi khungu lija, ndipo sindinganame kuti sizinapweteke. Pantchafu panawawa kuposa padzanja, ndipo ndinawakwiyira agogowo sabata yathunthu. Koma tsiku limene ndinatuluka, ndinawapeza akundidikira pampanda wa bango paja, botolo latsopano la mafuta lili m'thumba la mkanjo. Anatambasula dzanja lawo nati, "Bwera kuno mdzukulu, ntchafu ziwirizi zidziwane." Abiti Yusufu anagwira pakamwa, ndipo anandinong'oneza kuti amuna awo atabwerako kuchipatala tsiku lija anakhala m'nyumba mpaka madzulo osatuluka, manyazi atawapeza mochedwa.

Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu ndinkadutsira pakhonde pawo, tonse n'kudzoza alendo athu, iwo n'kumandipinditsa zala chimodzichimodzi mpaka ndithe kukunga chibakera. Ndinkawakonda kwambiri agogo amenewo, ndipo ndikuthokoza kuti ndinawauza adakali moyo.

Lero ndimaluka tsitsi ku Limbe, ndipo zala zimene zikanauma zija ndi zimene zikudyetsa ana anga. Kasitomala watsopano akayang'anitsitsa chigambacho pagalasi n'kumaopa kufunsa, ndimamaliza kaye mzere umene ndikuluka, kenako ndimamupatsa dzanja. Akangoligwira, ndimamuuza chimene wagwira.