Nkhuku ya Mkamwini pa Siteshoni ya Kyoto

Tinanyamuka ku Luchenza Lachiwiri m'mawa, chiperoni chitakuta minda ya tiyi moti othyola ankangooneka madengu okha. Tinali atatu: ine, a Esinati omwe anali namwino kumishoni, ndi amake Tadala, eni ulendo. Mwana wawo Tadala anakwatiwa ndi Mjapani, dzina lake Kenji, yemwe anaphunzitsapo masamu pasekondale ina kwathu kuno. Ukwati unachitikira komweko nthawi ya mliri ija, amake osapitako. Tsopano kunali kutabadwa mdzukulu. Mkamwini anatumiza tikiti ya apongozi ake, ife awiri tinadzigulira. A Esinati anagulitsa puloti, ine ndinagwetsa penshoni yanga ya uphunzitsi osaphethira. Tinayamba chinzake tili atsikana, sitikanalola mnzathu akaone dziko yekha.

Kondakitala wa minibasi anatilipiritsa zikwi zinayi aliyense mpaka ku Limbe, kenako anayang'ana masutikesi.

"Amayi, katunduyu ndi wa ukwati kapena mukusamuka?"

"Tikupita ku Japan," ndinamuyankha.

"Mukandigulireko giya bokosi, minibasi inoyi kwawo n'komweko."

Pa Bvumbwe tinagula nthochi zodya m'njira. Madzulo tinali titakwera ndege ku Chileka, n'kukasinthira ina ku Addis Ababa. Za ndege yachiwiriyo sindinena zambiri. Unkagona, kudzuka, kudya, kugonanso, ukadali m'mwamba. A Esinati anatupa mapazi n'kuyamba kutiphunzitsa za kayendedwe ka magazi ngati tawafunsa.

Pabwalo la ndege la Narita tinapeza Kenji akudikira, mnyamata wochepa thupi, atavala jekete lakuda. Anawerama mwaulemu wa kwawo n'kutipatsa moni m'Chichewa chomveka bwino. Amake Tadala anabwerera m'mbuyo, anagwada kuseri kwa ine, nkhope atayang'anitsa kumbali, n'kuwomba m'manja pang'onopang'ono. Ine sindinadabwe. Kwathu, apongozi aakazi ndi mkamwini sayang'anizana, sadyera pamodzi, ndipo akakumana panjira wina amapatuka. Ambiri anazisiya zimenezi, koma amake Tadala anakulira ku Chimaliro m'Chilomwe chenicheni, ndipo kwa iwo umenewu ndiye ulemu waukulu womwe munthu angapatse mwamuna wa mwana wake.

Tinakwera sitima mpaka ku Tokyo, n'kusinthira ina yothamanga kwambiri, ya mphuno ngati ya bakha. Mkati muli zii, anthu onse chete ngati pamaliro a munthu wolemera. Ine ndi pakamwa pangapa ndinavutika. Tisanathe n'komwe kudabwa, tinali ku Shizuoka, kwawo kwa Kenji, ndipo apa mpamene tinaseka mpaka misozi. Tinanyamula mapaketi a tiyi wa ku Thyolo ngati mphatso yosowa, koma nyumba ya makolo ake inali pakati pa minda ya tiyi. Mizere yake ndi yometedwa bwino, yozungulira pamwamba, ndipo anthu awiri amangoyenda uku ndi uku atagwirizana makina othyolera. Bambo wina wokalamba wa munda woyandikana nawo anatifunsa, Kenji akumasulira, kuti kwathu timathyola bwanji. Amake Tadala anamuonetsa zala. Bamboyo anazigwira n'kugwedeza mutu, akuti amayi ake nawonso zinali chomwecho.

Masiku oyamba anali okoma. Mdzukulu anali wonenepa, tsitsi la bambo ake, mphuno ya kwathu. Tinaona phiri la Fuji litavala chisoti choyera, ndipo ndinavomera kuti ndi lokongola, ngakhale Mulanje ali ndi thupi kuposa pamenepo. Tinaphunzira kuvula nsapato pakhomo ndi kusintha masilipasi polowa kuchimbudzi, komwe mpando wake ndi wofunda ngati wangochokapo munthu. Amake Kenji anatikonzera tiyi wobiriwira wa thovu, wopanda shuga, wowawa ngati mankhwala a malungo. A Esinati, poti ndi a Sabata ndipo tiyi samwa, anapulumuka ndi madzi otentha. Ine ndinamaliza mbale yonse ndikumwetulira.

Koma nthawi ya chakudya inkavuta. Onse akakhala pansi kuzungulira tebulo lawo lalifupi, amake Tadala ankanyamula mbale yawo n'kukadyera kuseri kwa chitseko cha pepala. Kenji akalowa pabalaza, iwo ankatuluka. Akawafunsa kanthu, ankayankha kudzera mwa ine. Ndinaona amake Kenji akuyang'ana amuna awo, ndinaonanso Tadala atafiira maso m'mawa wina, koma ndinangoti ndi kusagona kwa mayi woyamwitsa.

Sabata yachiwiri Kenji anatitengera ku Kyoto, Tadala anatsala ndi mwana. M'sitima anatembenuza mipando kuti tonse anayi tiyang'anizane, n'kugawa timabokosi ta mpunga ndi nsomba. Amake Tadala anadzuka n'kukakhala kumapeto kwenikweni, bokosi lawo osalitsekula. Tsiku lonse tinayenda, tinaona kachisi wokutidwa ndi golide, tinadutsa m'zipata zofiira zokwera phiri mpaka maondo anadandaula. Mayi wina wovala kimono, mkanjo wamwambo wa kwawoko, anapempha kujambulitsa nafe chifukwa cha zitenje zathu. Amake Tadala ankayenda kumbuyo, m'mimba mulibe kanthu chichokere m'mawa.

Chakumadzulo, tikudikira sitima yobwerera, Kenji anakhala pambali panga pabenchi.

"Aphunzitsi, ndikufuna kufunsa. Ndinawalakwira chiyani amayi?"

"Palibe. Bwanji?"

"Sandiyang'ana. Chakudya changa sadya. Tadala akuti ndi mwambo, koma ndikuganiza akungonditonthoza. Makolo anga akufunsa ngati a kwanu sanavomere ukwatiwu." Anayang'ana pansi. "Ndaganiza zokagona kwa mnzanga mpaka mubwerere, kuti amayi azidya momasuka."

Zinandipweteka kwambiri. Mwana wa eni anali atagula tikiti, wapempha tchuthi kuntchito, ndipo ankafuna kuthawa m'nyumba mwake. Ndinapita pomwe anakhala amake Tadala, sindinazungulire.

"Asisi, ulemu wanuwu ukupasula banja la mwana. Mkamwini akuti mumadana naye."

"Ine?" Anagwira pachifuwa. "Munthu woti ndimamuopa chonchi? Ndiye mukuti ndimudyere pamaso ngati wopanda mwambo?"

"Mwambo womwewo uli ndi khomo lake," anatero a Esinati. "Amuna anga anapereka nkhuku kwa amayi, kuyambira tsiku limenelo ankadyera mbale imodzi. Mwaiwala?"

Amake Tadala anavomera kuti kwawonso zinkatero. Vuto linali loti nkhuku ya moyo tiipeza kuti pasiteshoni ya Kyoto, pomwe ngakhale ntchentche sitinaione. Ndinamufotokozera Kenji. Anamvetsera mpaka kumapeto, anadzuka, n'kulowa m'kagolosale ka pasiteshonipo. Anatuluka ndi kapepala ka nthuli za nkhuku yokazinga, utsi uli tolotolo.

"Yakufa kale?" ananong'ona amake Tadala.

"Nkhuku ndi nkhuku, asisi. Ya moyo mukanaiphabe inu nomwe," ndinawayankha.

Kenji anaima patsogolo pawo, anagwira kapepalako ndi manja awiri, n'kuwerama mpaka tinkangoona paliwombo. Anthu ankadutsa mbali zonse ndi zikwama zawo, palibe anatiyang'ana. Amake Tadala anazengereza, kenako analandira, nawonso ndi manja awiri. Anatenga nthuli imodzi n'kudya pomwepo. Atameza anatukula mutu, n'kumuyang'ana mkamwini wawo kumaso kwa nthawi yoyamba. Anamuyang'ana nthawi yaitali ndithu.

"Bambo, mwaonda," anatero. "Khalani apa, tidye."

Kenji anakhala. Analandira nthuli yomwe anamupatsa. Sitima yathu inafika n'kunyamuka ife tikuiona, ndipo Mjapani wosunga nthawi uja sanayang'ane n'komwe wotchi. Tinakwera yotsatira.

Masiku otsalawo amake Tadala anakhala patebulo, ndipo tinayamba kuwadandaula kuti akulankhula kwambiri. Anamufunsa Kenji za ntchito yake, anamudzudzula kanyamulidwe ka mwana, anamuuza kuti asiye kudya ataimirira. Amake Kenji anawaveka kimono ya maluwa, iwo anawamangira duku. Tadala ankaseka m'khitchini.

Tinabwerera njira yomwe ija, ndipo tinatsika pa Luchenza Loweruka masana, a kabaza akulimbirana masutikesi. Anthu akandifunsa za ku Japan ndimawauza za sitima ndi zimbudzi, poti n'zimene amafuna kumva. Koma chimene ndinatengako ine n'china. Anthu awiri aulemu kwambiri omwe ndikuwadziwa anatsala pang'ono kupwetekana, aliyense akuchita zabwino zokhazokha za kwawo. Ulemu umafunika womasulira, monga chilankhulo. Amake Tadala masiku ano amaimbirana foni ya kanema ndi mkamwini wawo Lamlungu lililonse, ndipo akamalankhula naye amabweretsa foniyo pafupi ndi nkhope, akuti kuti amuone bwino.