Njinga imene amalume ake analimbitsa

Uthenga unandipeza pa msika, manja ali m'beseni la nsomba. Anabwera nawo ndi kondakita wa minibasi yochokera ku Mazabuka, thupi lonse lili kunja kwa chitseko, akukuwa galimoto isanaime: "Ambuya! Ambuya a nsomba! Mdzukulu wanu ali patsogolo pa mpikisano wa njinga! Tamupitirira pamwamba pa Munali, yekhayekha, anzake akali kulira kumunsi!"

Ine nthungululu, lililili! Chitenje ndinamanga m'chiuno, ndinavina pakati pa mabeseni, mamba a nsomba mbee m'mikono. Wakwera, wakwera mwamuna wanga, wakwera phiri lolemetsa malole! Pajatu kwathu mdzukulu wamwamuna timamutcha mwamuna wathu. Anzanga a pa msika anandiyankha m'manja.

Koma ndili mkati movina, mwendo unalema. Kondakita anati pamwamba. Sanati wafika. Amene ali pamwamba pa Munali ayenera kutsika, ndipo njinga imene mwanayo anakwera ndinali kuidziwa ine, ndi pamene inapsa ndinali kupadziwa.

Mwanayu ndinalera ndine, amai ake atatisiya. Anakula akunditengera nsomba ku Chanyanya pa njinga yakuda ija yolemera ngati ng'ombe. Njinga za nsomba kuno sitizisiya mmene zabwerera ku sitolo iyayi. Timapita nazo kwa wowotcherera, aike nsimbi ziwiri, zitsulo zochirikiza, kutsogolo, aike kaliya wamkulu kumbuyo, kuti dengu likalema njinga isapindike. Munthu amene amakonda mwana wake amalimbitsa njinga yake. Ndi mmene tinali kudziwira tonse.

Mchenga wa ku Chanyanya unamukhwimitsa miyendo. Atakula anagwirizana ndi anyamata othamangitsa njinga, aja ovala timakabudula tothina tochititsa manyazi. Anali kubwereka njinga ya mnzake, koma mtima unali pa kukhala ndi yake.

Inali nthawi ija masitolo anadzaza katundu, mafakitale n'kuyamba kutulutsa anthu. Salaula, zovala zakale za kunja, inabwera, nsapato zinabwera, ndi njinga zakale za kunja zinabwera. Tsiku lina ndinali kupita ku Lusaka ndi nsomba zouma, iye anati, "Ambuya, tiyeni mukaone mkazi mnzanu amene ndifuna kukwatira."

Tinalowa m'kasitolo kamdima. Kudenga kunali kulendewera mafupa a njinga, opanda mawilo, opanda chishalo, ngati nyama pa butchala. Amati felemu. Ndinati, "Amuna anga, njinga yake ili kuti?" Anaseka. Anati felemu ndiye njinga, zinazi n'zovala chabe.

Anatsitsa awiri. Wina anali wa mapaipi onenepa, otuwa. Anamunyamula, anamugwedeza, anati uyu ndi wouma, pa phiri amakwera bwino koma pa ulendo wautali amamenya msana mpaka munthu kuiwala dzina lake. Wachiwiri anali wofiira, mapaipi ake owonda ngati bango. Anamukweza ndi chala chimodzi. Anaima atamuika pakati pa miyendo kuti aone msinkhu. Anayang'ana molumikizira monse, diso limodzi chotsinzina. Kenako anagogoda ndi chikhadabo, ng'iii, kulira ngati kabelu ka ku tchalitchi.

"Mwamva, ambuya? Chitsulo chake n'chopyapyala ngati chigoba cha dzira. Uyu amakwera phiri osakukokera pansi, ndipo pa msewu wautali amakunyengerera."

Ine mawu akuti dzira sanandikomere. Ndinati, "Iwe, munthu amakwera pa dzira?" Wogulitsa anati, "Ambuya, izi azungu amakwerera mapiri a kwawo." Ndinati, "Kwawo kuli maenje ngati a msewu wathu?" Mwanayo anali atagulitsa kale njinga ya nsomba, ndiye anatenga felemu wofiira. M'minibasi anamufungata pamiyendo ngati khanda.

Kunyumba tinali kukhala ndi mwana wanga wamwamuna, amalume ake a mnyamatayu. Anagwira ntchito yowotcherera ku fakitale ya feteleza kuyambira ali mnyamata, ndiye anamuchotsa pamodzi ndi anzake. Anagula kamakina kowotcherera, anakaika pansi pa mtengo wa mango, koma ntchito inali kubwera mwa apo ndi apo, mpando wothyoka, mbaula, geti. Masana ambiri anali kungokhala, manja ali pamaondo. Manja a munthu wozolowera ntchito akakhala chete amaopsa.

Anauona felemu uja, anaukweza, anapukusa mutu. "Aka kadzapha mwana wa mlongo wanga."

"Amalume, kanapangidwa choncho," anatero mnyamatayo, mwaulemu.

"Kanapangidwa ndi anthu amene sanaone Munali."

Njinga inavekedwa zovala zake, mawilo owonda, mahandulo opindika ngati nyanga za nkhosa. Mpikisano unalengezedwa, woyambira ku Mazabuka kudzathera kuno ku Kafue, pa Boma. Kutatsala masiku ochepa mwanayo anapita ku Chanyanya kukandilandirira nsomba pa njinga yobwereka, yake anaisiya m'nyumba kuti isalowe mchenga. Ine ndinali ku msika. Pobwera ndinamva fungo ndisanafike pa geti, fungo la penti wopsa.

Njinga inali itaima pansi pa mango. Kutsogolo, pamene khosi limakumana ndi thupi, panali nsimbi ziwiri zatsopano, zowotchereredwa bwinobwino ngati za njinga ya nsomba. Kufiira konse pamenepo kunali bii. Mwana wanga anali chiimire pambali, nkhope ikuwala mmene sinawalire chimuchotsereni ntchito.

"Amai, onani. Manje iyi ndiye njinga."

Mnyamatayo atafika anaima. Dengu linatsetsereka, nsomba pansi mbwee. Anagwada, anagogoda ndi chikhadabo pafupi ndi popsa paja. Sipanalire ng'iii. Panangoti phu.

Kwathu mphwa satukula mawu kwa amalume ake. Amalume ndiwo mwini mbumba, ndiwo adzakamukambira ukwati, ndiwo adzamuika m'manda akatsogola. Anati, "Zikomo amalume, mwagwira ntchito." Basi.

M'mawa mwake, amalume ake atapita kukafuna ntchito ya geti, mnyamatayo anatenga sowo nadula nsimbi zija, nakwecha zotsala. Pansi pake panali chipsera, ndi kabowo kang'ono ngati diso la kansomba ka kapenta. Anandionetsa. Anati moto wa makina aja ndi wa zitsulo zokhuthala, chitsulo chopyapyala umachidya mkati.

Ndinati, "Usapite." Ndinamugwira dzanja. "Amuna anga, undisiyira yani? Amako ndinaika ndine. Usapite."

"Ambuya, ina ndilibe. Pokwera sipavuta. Potsika ndidzamvetsera."

Amalume ake atabwera anaona nsimbi zawo zili pansi. Anazitola, anaziika pambali pa makina. Tinadya nshima tsiku limenelo ngati tili pa maliro a munthu amene sanafe.

Ndiye mwamva chifukwa chake mwendo unandilema pa msika paja. Mabeseni ndinasiyira anzanga, ndinathamanga ku Boma, nsapato kumanja. Anthu anali atadzaza m'mbali mwa msewu. Mwana wanga ndinamupeza kale, ataima payekha kumbuyo kwa anthu.

Munali ndimaidziwa ine. Msewu umatsika mokhotakhota, uku phiri, uku chigwa, ndipo nthawi imeneyo malole anachuluka, mabuleki akununkha. M'chigwa muja mumaoneka mafupa a magalimoto.

Woyamba anatulukira. Anthu anakuwa. Njinga yake inali yabuluu. Wachiwiri, wachitatu, kenako gulu, tcheni zikulira tsiii. Yofiira panalibe. Ndinagwira mmodzi malaya akali kupuma. "Mwanawe, wa njinga yofiira ali kuti?" Anati, "Ambuya, pamwamba anatisiya kutali. Potsika sitinamuone." Anayang'ana kumbali.

Lole ina inaima, dalaivala anati pa khona lina pali anthu ataunjikana, koma sanaime kuti aone. Azimai anayamba kundiyandikira mwakachetechete, mmene timayandikirira munthu amene uthenga uli pafupi kumupeza. Wina anandivula thumba paphewa. Ndinati, "Musandigwire. Sindinamve kanthu." Mwana wanga anakhala pansi m'fumbi, chisoti chili kumaso. Dzuwa linapendeka. Otsiriza anafika, okankha njinga nawonso anafika, ochititsa mpikisano anayamba kupinda nsalu zawo.

Pamenepo kanabwera kavaneti kodzaza nzimbe. Pamwamba pa nzimbe panakhala munthu, phewa lili psuu, khungu litachoka kuyambira m'chiuno mpaka pa bondo. Mkono uku wagwira wilo lakutsogolo ndi mahandulo, mkono uku wagwira zotsala.

Lililili! Lililili! Ndinagwa pansi, ndinadzuka, ndinagubuduka m'fumbi la pa Boma. Wabwera, wabwera, wabwera ndi miyendo yake iwiri! Mnyamata wina anati, "Ambuya awa bwanji, sadziwa kuti mwana wawo waluza?" Ndinati, "Choka iwe, unabalapo?"

Mdzukulu wanga anatiuza atakhala pansi. Pa khona loyamba anamva the! pansi pa manja, mahandulo n'kuyamba kuyenda okha. Kutsogolo kunali khona lija la chigwa. Sanadikire. Anadzigwetsera ku mbali ya phiri, m'udzu ndi m'miyala, njinga inathyokera pamenepo.

Amalume ake anabwera, anatenga zidutswa ziwiri zija, anayang'ana pothyoka nthawi yaitali. Mphwa wawo anati, "Amalume, mawilo ali bwino. Mundisungire, ndikapola ndipita ku Lusaka, kunatsala felemu wotuwa uja." Mtima wanga unati myuu, koma tsiku limenelo sindinalole kuti undilande nyimbo.

Ndinapha nkhuku, ndinakazinga nsomba zonse zimene sizinagulidwe. Anabwera amake mapasa a pa tebulo loyandikana ndi langa, anabwera ndi mbale zawo. Anabwera amai ogulitsa tomato, ndi apongozi awo osamva. Anabwera kondakita uja, akuti uthenga wake sunali bodza. Anabwera dalaivala wa kavaneti ka nzimbe, tinamukhazika pa mpando. Anabwera asodzi a ku Chanyanya ndi Chitonga chawo, anabwera achinyamata a tchalitchi cha mapemphero ndi ng'oma yawo, anabwera akale a ku njanji anzawo a malemu amuna anga, anabwera mnyamata wa njinga yabuluu amene anapambana, anabwera anesi a m'komboni mwathu ndi mankhwala a zilonda. Ndi mwana wanga anabwera, anakhala pafupi ndi mphwa wake, akumuingitsira ntchentche pa bala.