Shafuti Yokana Kupotoka

Pa shopu yokonza makina yakuseri kwa depoti ya mabasi, aliyense amangomutchula kuti Injiniya. Ndi mwana wamkazi wa mmisiri wosema zitsulo pashopupo, anakulira m'fumbi la galayindala. Sukulu anaimaliza mokwawa, kubwereza chaka chathunthu, koma anaimaliza ndithu. Tsopano amayesa zitsulo pa kompyuta zisanasemedwe.

Sabata ina anamupatsa ntchito yoyesa shafuti, chitsulo chachitali chozungulira cha makina okwezera zidebe za konkire pansanjika. Itati ithyoke, chidebe chingagwere omanga ali pansi. Inali ntchito yoyamba yoti asainire yekha.

Anaijambula, kompyuta n'kuigawa m'timabokosi zikwizikwi. Mbali imodzi anaimanga, kwinako anasankha kadontho kamodzi ka pakona ya timabokosito n'kulamula kuti kazungulire madigiri awiri. Shafuti yonse inatuluka ya buluu, kusonyeza kuti chitsulo sichikumva kanthu. Ha, mtima kuti myaa! Cholembera chinali kale m'manja.

Bambo ake analowa akupukuta girisi, kudzafunsa ngati ayambe kusema.

"Yalimba, ababa. Onani, ilibe ndi pofiira pomwe."

Mkuluyu za kompyuta alibe nazo gawo, ngakhale uthenga wa pafoni amachita kuwerengeredwa. Anasuzumirabe.

"Waipotola utagwira pati?"

"Pa kadontho aka."

"Iwe mwanawe, chitsulo n'kuchipotola ndi nsonga ya chala? Pa makina anga chimalumidwa mbali zonse."

Manyazi anamugwira. Zoonadi, timadontho ta timabokosi totere timangodziwa kusuntha, kuzungulira ayi. Lamulo lake linangopita pachabe, shafuti sinapotoke n'komwe.

Anaika kadontho kena pakati, n'kukalumikiza ku timadontho tonse ta kunsonga ndi timizere tolimba ngati masipoko a njinga. Atazungulitsa, pakhosi pamene shafuti imachepera panatuluka mzere wofiira psuu. Ikanathyokera pomwepo.

Anakangana masana onse. Bambo amafuna kungonenepetsa chitsulo chonse, Injiniya n'kuwaonetsa kuti chofunika n'kusalaza kona ya pakhosipo, iwo n'kuvomera mong'ung'udza. Atayesa kachitatu, kufiira kunachoka.

Injiniya anatenganso cholembera.

"Ungaime pansi pa chidebecho?" anafunsa bambo.

Injiniya anayang'ananso manambala, mmodzimmodzi, osathamanga.

"Ndingaime, ababa. Ndi inu pambali panga."

"Basi, saina. Ndikayatse makina."