Tepi ya Amabokosi

Kuseri kwa chipatala, mukangotuluka pageti laling'ono, pali shedi ya kalipentala. Dzina lawo lenileni anthu analiiwala, onse amangoti Amabokosi. Amakhoma mipando, zitseko ndi mabedi, koma chimene chimawadyetsa ndi mabokosi a maliro. Amawaimika panja motsamira khoma, aakulu kumbuyo, aang'ono kutsogolo. Ine ndasoka nsapato moyang'anana nawo zaka makumi awiri. Izi ndinaziona ndi maso.

Kumbuyo kwa shediyo kuli chipinda chimodzi cha malata. Muli mabedi awiri, mbaula, ndowa ndi chingwe choyanikapo zovala. Anachimangira azimayi ochokera kutali amene ana awo akulandira mankhwala a khansa. Mankhwala amenewa satha tsiku limodzi. Mwana amamuika diripi, amamutulutsa, n'kuuza amake kuti abwere nayenso pakatha masabata atatu. Wakutali akapita kwawo, kawirikawiri sabwerera. Wotsala amagona pakhonde la wodi mpaka alonda atamuthamangitsa. Akazi awo a Amabokosi anagonapo pa simenti imeneyo miyezi inayi, mwana wawo woyamba akudwala. Mwanayo sanachire. Iwo sazikamba. Anangomanga chipinda, ndipo sanalipiritsepo munthu.

Ambiri ankakana. Nesi wamkulu akawalozera, ankafika pageti, kuona mabokosi, n'kubwerera. "Mbuzi kukagona kwa fisi?"

Mmodzi mwa ochepa amene anavomera anali mayi wina wa mwana wamkazi wa zaka zisanu ndi ziwiri, wa chotupa m'mimba. Mwanayo tinamutcha Kapitawo, chifukwa ankakhala pakhomo pa shedi n'kumalamula.

"Agogo, msomali uwo wapindika."

"Ndauona, bwana."

"Nanga mukuukhomeranji?"

"Ingondichotsani ntchito basi."

"Mawa. Lero malizani kaye."

Tsitsi linali litathothoka lonse, koma pakamwa panali pamoyo. Ankafunika kulandira mankhwala kasanu ndi kamodzi. Anali atalandira kanayi, ndipo chotupa chinali chikuphwa. Vuto linali kugona. Akagona chagada ankabanika, akakhala tsonga msana unkawawa. Amake manja anali atatopa n'kumuchirikiza. Amabokosi anati amukhomera mpando wotsamira, wopendekeka, wa msinkhu wake.

Kalipentala sadula thabwa asanayeze. Loweruka m'mawa anagoneka Kapitawo pathabwa lalitali pamwamba pa benchi yawo, kuti aone pamene msana upindikire. Anakoka tepi kuchokera kumutu mpaka kuchidendene, pensulo ili kukhutu. Mwana ankangoseka. Amake anali kumpopi.

Nthawi yomweyo bambo a mwanayo anatulukira, atangotsika basi pamodzi ndi mlongo wawo. Anali asanafikepo pamalopo. Anaona mwana wawo atagona pathabwa, tepi ili pathupi, mabokosi aang'ono ali chapafupi.

"Mukutani naye mwana wanga, mdala inu?"

"Ndikumuyeza, bambo."

Anayankha zomwezo basi. Amabokosi pakamwa pawo mpolemera chibadwire.

"Mukumuyeza! Ali moyo?"

"Ndi mpando woti…"

Mlongo uja anali atayamba kale kukuwa. "Achimwene, suja ndinakuuzani ine! Alamu anabwera ndi mwana kwa wogulitsa mabokosi. Munthuyu akudikira kasitomala!"

Anthu anadzaza msewu. Amake anafika akuthamanga, ndowa ataitaya m'njira, n'kugwada pa utuchi.

"Bambo ake, kwatsala kawiri kokha. Adokotala akuti chikuphwa. Tikachoka pano tikagona kuti?"

"Ngati n'kufa akafere kwathu. Mwana wanga si thabwa."

Ndinayesa kulowererapo. Anandiuza kuti ndione za nsapato zanga. Nesi wamkulu anaitanidwa. Ananena mosabisa kuti mankhwala osamaliza n'chimodzimodzi osayamba, ndi kuti chotupa chidzabwerera ndi ukali. Bamboyo anapempha pepala lotulutsira mwana, anasaina. Pofika masana katundu anali atamangidwa. Kapitawo, ali kumsana kwa amake, anacheuka.

"Agogo, mpando wanga mumalize. Ndidzabwera kudzauona."

"Chabwino, bwana."

Anaumalizadi. Anaupala mpaka kusalala, kupaka vanishi kawiri, n'kukhomera nsalu yofewa potsamira. Tsiku loti mwana alandire mankhwala kachisanu anauika pakhomo pa shedi. Madzulo anaulowetsa. Patatha masabata atatu anautulutsanso. Palibe anabwera.

Inadutsa miyezi itatu. Tsiku lina nesi wamkulu poweruka anaima pashedi. Amake a Kapitawo anali atamuimbira foni. Kapitawo anamwalira kwawo, mimba itatupanso.

Amabokosi sanaleke kupala thabwa lomwe linali pabenchi. Nesi atachoka ndinawoloka msewu.

"Achimwene, bwanji simunanene msanga kuti ndi mpando?"

"Anandifunsa chimene ndikuchita. Ndinkayeza."

"Mukanayamba ndi mawu akuti mpando."

"Ndikudziwa. Kasokeni nsapato."

Nkhani inalowa m'wodi, ndipo inakula ikuyenda. Lero akuti mdala wa mabokosi amayeza ana akagona, akuti aliyense wolowa m'chipinda chake satulukamo ndi mwana. Amene amanena zimenezi sanamuonepo Kapitawo. Mwa ana khumi ndi mmodzi amene anagonapo m'chipindamo, asanu ndi awiri anamaliza mankhwala n'kupita kwawo akuyenda okha. Zimenezo palibe amazikamba.

Chipinda chili chokhoma chaka chachiwiri tsopano. Amachisesabe Loweruka lililonse. Nesi amalozabe, koma palibe amadutsa geti. Azimayi anabwerera pa simenti, alonda akuwathamangitsabe, ndipo akutali akupitabe kwawo mankhwala asanathe.

Mpando uli pamwamba pa matabwa, utuchi wauphimba. Anthu atatu aufunsapo. Amawayankha kuti uli ndi mwini wake. Mabokosi aang'ono okha ndiwo akuyenda malonda. Amenewo palibe amaopa kudzawatenga.