Telala Wokhala Pansi

Che Sidiki ndi telala wa pa Nsanama. Makina awo ali pakhonde la golosale ina, moyang'ana msewu wa ku Nayuchi, ndipo mayunifomu ambiri a ana a pasukulu pathu anasoka ndi iwo. Ndinawadziwa bwino chaka chimene mwana wawo Fauziya anayamba Sitandade 1 m'kalasi mwanga.

Fauziya anadwala malungo aakulu ali wamng'ono. Anachira, koma makutu anatseka. Mawu amene ankawadziwa kale anayamba kusungunuka, moti akalankhula zonse zinkamveka ngati liwu limodzi. Amjomba ake, Che Uladi, omwe mawu awo ndi omaliza pa za ana a mlongo wawo, anati mwanayo akungovutika kusukulu. Analola temu imodzi yokha. Zikapanda kusintha, Fauziya azikhala pakhomo kuthandiza amayi ake.

Tsiku lina Che Sidiki anandiimitsa ndikuchokera kumsika. Ankafuna kudziwa chimene chimasiyanitsa a, e, i, o, u, poti m'kalasi timayambira pamenepo. Ndinawafotokozera kuti maliwu amenewa amatuluka mpweya usakutsekerezedwa paliponse, pakhosi pakunjenjemera, ndipo amasiyana malinga ndi lilime ndi milomo. Pa a pakamwa pamatseguka kwambiri, lilime litagona pansi. Pa e ndi i lilime limasendera kutsogolo, milomo n'kutambasuka, koma pa i limakwera kwambiri. Pa o ndi u limabwerera kumbuyo, milomo n'kusongoka, ndipo pa u kampata kamachepa.

Anayesa okha pa kalilole amene makasitomala amadziyang'anirapo. Kenaka anati milomo ndi ngati chingwe cha m'chiuno mwa kabudula: ukamasula ndi a, ukakoka ndi o, ukamangitsa ndi u. Anatsimikiza kuti chimene mwana sangachimve ndi khutu, achiona ndi maso.

Koma Fauziya analeredwa mwaulemu. Wamkulu akamalankhula naye, ankagwada n'kuweramitsa mutu. Bambo ake ankayasama, ankasongola milomo, mwana ali phee kuyang'ana mapazi awo. Akamudzutsa chibwano, ankayesa kuti walakwa, misozi n'kuyamba kulengeza.

Che Sidiki sanamukalipire. Anamukhazika pampando wawo wosokera, iwo n'kuyala chiguduli pasimenti n'kukhalapo. Tsopano maso a mwana akatsika mwaulemu muja, ankagwera pakamwa pa bambo ake. Ankatenga kadzanja kake n'kukagunditsa pakhosi pawo kuti amve kunjenjemera, kenaka pakhosi pake pomwe. Masana aliwonse akaweruka kusukulu, makina ankaima, ntchito n'kukhala imeneyi. Liwu la i ndi limene linavuta, chifukwa lilime limabisika kuseri kwa mano, ndiye ankachita kutembenukira pa kalilole awiriwo, masaya atagundana.

Odutsa ankaseka. Che Uladi nawo atawapeza chomwecho anapukusa mutu.

"Alamu, mwana pampando, inu pansi? Mawa adzakutumani madzi ameneyu."

"Akandituma ndi mawu omveka, ndikatunga," anayankha Che Sidiki.

Temu itatsala pang'ono kutha, Che Uladi anabwera ndi mkanjo wong'ambika m'khwapa. Poti mpando unali ndi mwana, anakhala pamphepete pa khonde kudikira. Anamupatsa moni mwana wa mlongo wawoyo mwachizolowezi chabe, osayembekeza kanthu. Fauziya anatsitsa maso, ndipo masowo anagwera pamilomo pawo. Mwanayo anatsegula pakamwa, anasongola milomo, anatsegulanso.

"Amjomba."

Mawuwo anatuluka pang'onopang'ono, koma liwu lililonse lili pamalo pake. Che Uladi anapinda mkanjo uja n'kuufunyululanso. Za temu imodzi zija sanazitchulenso. Anangouza alamu awo kuti yunifomu ya mwanayo yafupika, ndipo asoke ina yotalikirapo, yoti adzavalenso chaka chamawa.

Fauziya ali Sitandade 4 tsopano, ndipo m'kalasi amakhala kutsogolo kwenikweni. Chiguduli chija Che Sidiki sanachitaye. Chimakhala chopinda pansi pa makina.