Ndime ya kuseri kwa bango

Mame anali asanaume, koma a Zulani anali atawerama kale m'nazale ya Make Mapasa, akutembenuza masamba a mbande za mpunga limodzilimodzi. Ankafunafuna mazira. Gulugufe wa kapuchi amaikira chakunsonga kwa tsamba, kamulu kakang'ono kokutidwa ndi ubweya wofiirira, moti wosadziwa amangoti ndi matope. Akapeza kamuluko ankathothola tsambalo n'kuponya m'chitini. Maso ankangoti kumbande, kunjira, kumbande, kunjira. Ankafuna achokepo mwini nazale asanafike.

A Zulani ndi amalume anga, ndipo dzinali si la makolo. Kwa zaka zambiri ndiwo akhala akutsegula ndi kutseka madzi a m'ngalande yothirira ndime zathu za mpunga. Anthu akangomaliza kumweta, iwo ankayenda pamigula yolekanitsa ndime, khasu paphewa, akukuwa kuti, “Zulani ziputu, zulani!” Ana anayamba kuwayeserera, kenako akuluakulu, mpaka dzina linamera mizu.

Sankakuwa pachabe. Mphutsi ya kapuchi imaboola phesi n'kudya m'kati. Mpunga ukakhala waung'ono, tsamba lapakati limauma, ukalikoka limangosololoka. Ukakhala kuti wamasula, ngala imatuluka yoyera mbuu, yopanda kanthu. Mukamweta, mphutsiyo imatsalira m'chiputu kudikira mbewu ina. N'chifukwa chake alimi tonse tinapangana kuti aliyense azigaula ndime yake, ziputu zikwiririke, madzi alowe ziwole, ndiponso kuti tizifesa ndi kuwokera nthawi imodzi. Ndime imodzi ikatsala, yasungira onse kapuchi.

Pa nkhani imeneyi amalume analibe chisoni ndi munthu. Chaka chatha Make Mapasa anasiya ziputu. Anali atangobereka kumene ana ake amapasa, mwamuna wake ali kutali kuntchito. A Zulani anazula chiputu m'ndime mwake, anabwera nacho kumsonkhano wa alimi, anaching'amba ndi chikhadabo anthu akuona, n'kuika mphutsi pachikhatho.

“Uyu ndi mlendo wa Make Mapasa,” anatero. “Akutisungira tonsefe. Mupatseni moni.”

Anthu anafa nacho chikhakhali. M'mawa mwake Make Mapasa anagoneka ana pansalu pansi pa mtengo, n'kuyamba kugaula yekha.

Chaka chino msana unawakana a Zulani. Unayamba ngati nthabwala, kenako akakweza khasu unkawalasa m'chiuno mpaka kumwendo. Ndime yawo ya m'mbali mwa njira, imene aliyense amaiona, anaigaula pang'onopang'ono akuluma mano. Koma ali ndi ina kumapeto, kuseri kwa bango, kumene sikudutsa anthu. Imeneyo ankangoti mawa. Akazi awo anamwalira kale, ana ali kutauni. Akanatha kuuza ife abale awo, kapena aliyense wa alimi, koma pakamwa pomwe pankakuwa kuti zulani panakanika kunena kuti ndithandizeni.

Mawa anachuluka. Chinyontho cha m'bango chinalowa m'ndimemo, ziputu zinaphukira, ndime yonse inabiriwira ngati yodzala dala. Tsiku lina atapitako anakoka tsamba lapakati lofota, linasololoka, kunsi kwake kutadyeka. Anakoka lina, chimodzimodzi. Madzulo ake anaima pamgula n'kuona tiagulugufe totuwa tikudzuka m'mphukirazo, tikulowera kumanazale. Nazale yoyamba kuchokera kubangoko inali ya Make Mapasa.

Kuyambira pamenepo kukuwa kunatha. Anthu ankawaseka panjira kuti, “Agogo, wailesi yathu yatha mabatire?” Iwo ankangoti ndi chimfine. Ndipo m'mawa uliwonse ankalawirira kukatola mazira m'nazale ya mwini, mobisa ngati akuba.

Koma pa tsiku ndayamba nalo lija anachedwa. Msana unawagwira ali chiweramire, ndipo pamene ankadzuka movutikira, Make Mapasa anali ataima kale pamgula, mwana mmodzi kumsana, wina m'manja.

“Mwadzuka bwanji, agogo? Mwataya chiyani m'nazale mwanga?”

“Ndimangoyendera, mayi. Ndi ntchito yanga.”

“Kuyendera ndi chitini? Tsiku lililonse ndimapeza mapazi a nsapato zanu zamphira. Ndimati mwina mwandifunira ukwati.”

A Zulani anayesa kuseka koma sizinatheke. Make Mapasa anakhazika mwana pansi, anatsikira m'nazale, anakoka tsamba louma pambande ina n'kuwaonetsa.

“Zayamba kulowa m'kati. Wampope akuti abwere adzapopere mankhwala.”

“Yomwe yalowa m'phesi mankhwala saipeza bwino,” anatero a Zulani, maso ali m'chitini. “Zoumazo zulani mukatenthe. Powokera mudule nsonga za masamba, mazira atsalire kunja. Koma ngakhale mupopere, agulugufe ena abwerabe.”

“Abwera kuchokera kuti? Ine zanga ndinagaula, chiputu n'chimodzi chomwe mulibe. Paja munandiphunzitsa bwino.”

Madzi ankayenda m'ngalande, mwana akusewera ndi udzu. A Zulani anaika chitini pansi.

“Akuchokera kwanga. Ndime ya kuseri kwa bango sindinagaule.”

“Ndikudziwa.”

A Zulani anadzutsa mutu.

“Ndinapita kukadula bango la mphasa mwezi watha,” anatero Make Mapasa. “Ndinaona mpunga wobiriwira bwino, ndinati kodi agogo ayamba kukolola kawiri?”

“Nanga bwanji simunanene kumsonkhano?”

“Ndinazula chiputu chimodzi, ndisaname. Ndinafika nacho mpaka pakhomo la msonkhano, chili m'nsalu. Ndiye ndinakuonani mukukhala pabenchi, dzanja lili pamsana, mukutsika ngati mayi wodwala pakati. Ndinakachitaya kuseri.”

Zikanakhala bwino akanawatukwana. A Zulani anamva kutentha kumaso mpaka m'makutu. Anati anene kuti pepani, koma mawuwo anawaona kuchepa.

“Koma agogo, tisanamizane,” anapitiriza Make Mapasa, akumanganso nsalu ya mwana. “Chitini chanucho sichindipulumutsa. Inu mukutola m'mawa, iwo akuikira madzulo. Kuwokera kwayandikira, ndipo mbande zina ndilibe. Zikatha izi, ana awa chaka chino adya chiyani? Ine sindikakunenerani kwa anthu. Koma ndime ija igaulidwe.”

Ananyamula mwana wake n'kupita kukatsegula madzi a m'ndime mwake, osacheuka.

A Zulani anatenga khasu n'kulowera kubango. Anafika, analavulira m'manja, anatema kamodzi, kawiri. Kachitatu khasu linatsalira m'dothi, iwo ali pansi. Anakhala pamenepo, matope akulowa m'buluku, akuyang'ana ndime yonse yobiriwira imene anali atangoikanda pakona. Anawerengera anthu amene akanatha kubwera ndi makasu, ndipo aliyense amene anamuganizira anali woti anamukalipirapo chaka china. Wampope anamunena kuti ndi waulesi. Mlamu wawo anamutsekera madzi mpaka atagaula. Panalibe khomo loti angagogode popanda kukumbutsidwa mawu awo omwe.

Dzuwa litakwera ndinawapeza pamenepo. Make Mapasa ndiye anandiuza panjira kuti, “Kaoneni amalume anu kubango, mutenge madzi akumwa.” Ndinawadzutsa, ndinawakhazika pamgula, anamwa. Zonse ndalembazi anandifotokozera pomwepo, osandiyang'ana kumaso, akusewera ndi phazi la mwana wanga amene ndinabwera naye kumsana. Ndinati ndikauze bambo a mwanayu tibwere awiri, tigaule mwakachetechete, anthu asadziwe.

Anapukusa mutu.

“Awiri simumaliza kuwokera kusanafike, ndipo mbande za mwiniwake zikhala zitatha. Pamafunika makasu ambiri, mawa lomweli.” Kenako anati, “Ine miyendo yofikira m'makomo ndilibe lero. Upite ndiwe, mphwanga. Uyambire kwa wampope, upite kwa alamu anga, uzungulire onse. Usakanene kuti ndadwala chabe ayi. Ukanene kuti amalume anasiya ziputu, kapuchi ali m'manazaleyu ndi wawo, ndipo akupempha makasu. Akaseka, uwasiye amalize kuseka, kenako uwafunse ngati abwera.”