Banga la tiyi pa kope lanu

Bambo a Tadala, lero zandinyansa. Fakitale ija ya ku Makata, komwe munkasungunula mabotolo apulasitiki, yaika chithunzi patsamba lake la pa intaneti. Abwana akumwetulira, akuti katswiri wochokera kunja wawapezera njira yatsopano yoti pulasitiki wawo asamangosweka. Njira yake ati kuumitsa kaye zidutswa za mabotolo zisanalowe m'thanki yotentha. Yatsopano imeneyo?

Ndakumbuka Loweruka lija ku Nkolokosa, mutandilanda uvuni ndi thireyi yanga ya masikono. Zidutswa zina munaziumitsa, zina munazisiya ndi chinyezi, n'kumalemba m'kope la masamu la Tadala kutentha kwake ndi mphindi zake. Ndinakalipa kuti masikono anga azinunkha pulasitiki. Inu munangoseka n'kuti, "Mayi a Tadala, ukapita kuchigayo ndi mphale yosauma, usanamizire chigayo." Lolemba munanyamula kopelo kupita nalo kuntchito, mutavala malaya anu akutchalitchi. Munabwera nalo lili ndi banga lozungulira pachikuto, chifukwa abwana anakhazikapo kapu yawo ya tiyi osalitsegula n'komwe. Anati makina oumitsira amadya magetsi, komanso munthu wophunzira konkuno sangawaphunzitse ntchito.

Pamaliro anu anatumiza nkhata ya maluwa apulasitiki, ndipo inayamba kusweka mvula isanathe. Kope lija ndikadali nalo, bambo a Tadala. Banga la tiyi lilipobe, ndipo sindidzalipukuta.